A Blasius ndi Mwendo wa Che Usumani

Amene anawadziwa alamu anga a Blasius atakalamba amawakumbuka ngati adresa ankhanza. Amati bambo aja ankakweza kabotolo ka mankhwala padzuwa, diso limodzi atatsinzina, kuyeza madzi dontho ndi dontho, ndipo ukadumphitsa tsiku la jakisoni ankakutsata pa njinga mpaka kumunda n'kukakukalipira pamaso pa apongozi ako. Amatinso mankhwala akachepa ankabweza anthu pakhomo osaphethira, kuwalozera njira ya ku mishoni. Zonsezo n'zoona. Koma ine Bernadetta, mng'ono wa akazi awo a Martina, ndinawadziwa asanaume choncho, ndipo ndikamva achinyamata akuwanena ndimapsa mtima, chifukwa sadziwa chimene chinawaumitsa.

Anabwera kwathu kwa Kalembo ngati mkamwini, kuchokera cha ku Chikweo. Anali munthu wamtali, woonda, wa makutu otambalala, wolankhula Chiyao ndi Chichewa mofanana. Mawu akuti "zatha" sankatuluka m'kamwa mwawo. Ukawapempha mchere, ngakhale utatsala wa pakona pa kansalu, ankaugawa pawiri n'kukupatsa mbali yaikulu, kenako n'kukadya ndiwo zozizira uku a Martina akuwalalatira mpaka nkhuku kulowa. Anthu ankawatama kuti ndi munthu wa Mulungu. Ine ndinkawauza pamaso kuti ndi munthu wamantha, woopa nkhope ya munthu wokhumudwa kuposa mmene ena amaopera njoka. Ankangoseka n'kunena kuti pakamwa pangapa padzandisowetsa banja. Chilamu chimalola zambiri, ndipo ine ndinkachidyerera.

Udresa anauphunzira ku mishoni: kutsuka zilonda, kumanga mabandeji, kuzula mano, kubaya jakisoni. Atamaliza anawapatsa kachipatala ka njerwa ka zipinda ziwiri pafupi ndi msewu wopita ku Ulongwe. Asisitere achizungu amene ankayang'anira ankabwera mwa apo ndi apo kudzasiya mankhwala ndi kudzaona odwala kwambiri. Masiku ena onse dokotala, namwino ndi wosesa anali a Blasius omwewo. Ine ndinkagulitsa zigumu pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa khonde, choncho zambiri za pamenepo ndinkaziona ndi maso angawa.

Nthawi ya njala ya fote naini a mishoni ankaphika phala m'migolo, ndipo wogawa anali iwo. Phala likatsikira pansi mzere ukadali wautali, ankathiramo madzi otentha n'kutakasa, kenako n'kuthiranso. Omalizira ankamwa zamadzimadzi, koma palibe mwana amene anabwerera ndi mbale youma. Anthu sanaiwale. Iwonso sanaiwale, ndipo ndikuganiza kuti ndi pomwe dzanja lawo linazolowerera.

Penisilini anafika kwathu Chitaganya chitangoyamba. Anali ufa woyera m'timabotolo ting'onoting'ono totseka ndi labala. Asisitere anawaonetsa muyeso wa madzi osungunulira, n'kuwauza kuti wodwala aliyense azibayidwa muyeso wathunthu mpaka masiku ake onse akwane, ngakhale aoneke ngati wachira. A Blasius anavomera ndi mutu, monga ankavomerera chilichonse.

Mankhwalawo anali odabwitsa, tisanamizane. Mwana wobwera ndi chibayo, nthiti zikukoka, pofika Lamulungu ankathamangitsa nkhuku. Azibambo obwerera ku Joni ndi matenda onong'oneza ankatuluka m'chipindamo akumwetulira. Mbiri inawoloka Shire, inakafika mpaka ku Nsanama. Anthu anasiya kufuna mapilisi ndi mankhwala akumwa. Wa mutu, wa dzino, ngakhale wongotopa ndi khasu, onse ankafika ndi mawu amodzi: "Adresa, ndibayeni."

Koma bokosi la asisitere linali la anthu ochepa, ndipo pakhonde pankadzaza. Ndiye tangoganizani a Blasius ataima pakhomo, m'manja kabotolo kamodzi, patsogolo pawo mayi amene wayenda kuchokera kutsidya mwana ali kumbuyo. Anachita zimene ankadziwa. Anawonjezera madzi, kabotolo ka munthu mmodzi n'kukwanira awiri kapena atatu. Wina akayamba kupeza bwino ankamuuza kuti basi wachira, kuti mankhwala otsalawo apite kwa mnzake wongofika kumene.

Sankabisa ayi. Ankachitira pazenera, tonse tikuona. Ine ndinkafuula ndili pa zigumu zanga kuti, "Alamu, mwayambanso phala lanu lija?" Anthu n'kuseka, iwonso n'kuseka. Panalibe ndi mmodzi yemwe woona cholakwa. Kwathu kuno munthu akakupeza ukudya umasendeza mbale, sumuuza kuti chakudyachi anachiyeza cha mimba imodzi. Amene akanakana kugawa ndi amene tikanamutcha mfiti.

Bwenzi lawo la pamtima anali Che Usumani, Msilamu wa mudzi wa kuseri kwa dambo, munthu wamfupi, wojintcha, wogulitsa nsomba zowamba. Ankakazitenga ku Malombe pa njinga, dengu lalikulu kumbuyo, n'kukazigulitsa ku Balaka. Munda anali nawo wongotchulira. Akazi awo Asiya, ana awo, ndiponso mlongo wawo Salima amene anamwalirirwa mwamuna, onsewo ankadya za miyendo iwiri yopalasa ija. Madzulo akabwerako, awiriwo ankasewera bawo pakhonde pa kachipatala, akukangana za nkhumba ndi za tsiku loyenera kupemphera. Sindinawaonepo atagwirizana, sindinawaoneponso atadana.

Njinga ya Che Usumani inali yotha. Chopondera cha kumanja chinali chitataya labala kalekale, kutsala chitsulo chokha chosongoka. Tsiku lina potsika chitunda atalemedwa ndi nsomba, phazi linaterereka, chitsulocho n'kuwang'amba pa msongolo mpaka fupa kuonekera. Anamanga ndi kansalu n'kupitiriza ulendo, poti nsomba sizidikira. Kwa a Blasius anafika bala litatupa kale, likununkha.

A Blasius analitsuka, analimanga, anawabaya. Bala linaphwa, Che Usumani anakweranso njinga. Patapita milungu linatupanso. Anawabayanso, jakisoni yemwe uja wa madzi ambiri, poti ngakhale kwa bwenzi sankatha kupereka wathunthu ena akuyang'ana. Linaphwa pang'ono, linabwereranso. Chilimwe chonse chinatha choncho, ndipo mvula itayamba jakisoni analeka kugwira n'komwe. Mafinya ankatuluka achikasu, okhuthala, pa timabowo tomwe sitinkatseka. Che Usumani anayamba kutentha thupi ndi kuonda, ndipo njinga anaipachika kudenga.

M'mawa wina Asiya anafika pakhomo pathu n'kugwada.

"Adresa, bambo aja sakupeza bwino. Kodi tisapite nawo ku Zomba?"

"Iwowo akuti bwanji?"

"Akuti iyayi. Akuti ku Zomba munthu amapita ndi miyendo iwiri n'kubwerako ndi umodzi."

A Blasius ananyamuka kukawaona, ine ndi achemwali tikutsatira kukazonda. Tinawapeza atagona pa mphasa pakhonde, mwendo atauika pa mpando. Che Usumani anawagwira a Blasius dzanja osalisiya.

"Achimwene, musandipereke kwa odula. Ndikaduka ine, ana awa adya chiyani?"

Apa ndi pamene alamu anga anayenera kuuma mtima, ndipo ankadziwa. Ndinawaona akuyang'ana bala. Koma nkhope ya mnzawo inali pomwepo, ikudikira.

"Mwendo uwu ndi wanga," anatero. "Sudulidwa ine ndili moyo. Tiwonjezera jakisoni."

Anawonjezeradi. Ankapalasa njinga m'matope kupita kuseri kwa dambo tsiku ndi tsiku, tsopano akubaya wathunthu, koma zinali ngati akubaya mtengo. Kunyumba anasiya kudya bwino. Ndikawaseka sankabwezanso, ndipo ine zimenezo zinkandiopsa kuposa fungo la balalo.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi asisitere. Atafika ndi bokosi lawo, a Martina ndi amene anawanong'oneza, chifukwa amuna awo sakananena. Asisitere anakaona mwendo, anadina pafupi ndi bala, anafunsa kuti zakhala chonchi kuyambira liti. Atamva yankho anawayang'anitsitsa a Blasius. Mawa lake lole ya mishoni inanyamula Che Usumani, Asiya ndi a Blasius, njinga ya adresa ataikweza pamwamba kuti adzabwererepo.

Za ku Zomba sindinazione. A Blasius anandiuza okha, osati kamodzi, ndipo nthawi zonse ankazinena mofanana, osasintha ndi liwu limodzi lomwe.

Dokotala anatapa mafinya ndi kamtengo ka thonje kunsonga n'kutumiza ku labotale, chipinda chimene amayezeramo magazi ndi zina zotuluka m'thupi. Kumeneko kunkagwira ntchito a Elliam, amene anaphunzira limodzi ndi alamu anga ku mishoni kenako n'kupitiriza maphunziro. A Elliam anawauza kuti adikire kaye tizilombo timere. A Blasius anayesa nthabwala. Iwo tizilombo ankangotimva, ankatitchula pouza anthu kuti azisamba m'manja, koma kuti munthu angatidzale n'kutidikirira ngati mbewu sankadziwa. Tsiku lowaitana litafika, a Elliam anatsegula kabati wofunda, anatulutsamo kambale kagalasi kovindikira, n'kukaika pa tebulo pafupi ndi zenera.

M'kambalemo munali chinthu chofiira chogwirana, chomwe a Elliam anati ndi chakudya cha tizilombo. Pamwamba pake panali patamera timadontho tachikasu tothinana, mbale yonse. Apa ndi apo anali ataikapo timapepala tozungulira, tating'ono ngati mabatani a malaya.

"Awa ndi mafinya a anzanu aja," anatero a Elliam. "Tinawapaka pamenepa, ndiye onani mmene tizilombo tamerera. Kapepala kalikonse kali ndi mankhwala ake. Mankhwala akakhala kuti akutha kupha, tizilombo sitiyandikira. Mwaona apa?"

Analoza kapepala kamodzi. Mozungulira kameneko munali moyera, mopanda dontho, ngati pamene munthu wapalira mozungulira phando.

"Awa ndi mankhwala atsopano, kwanu sanafike. Akugwira. Tsono onani aka."

Kapepala kenako kanali katazingidwa. Timadontho tinamera mpaka kukakhudza mbali zonse.

"Ameneyo ndi penisilini."

A Blasius akuti anawerama, anayang'ana, anayang'ananso, kufunafuna ngakhale kampata kopyapyala. Kunalibe.

"Mwina kapepalako n'kakale," anatero.

"Iyayi, achimwene. Anzake a m'botolo lomwelo agwira bwinobwino pa mbale za odwala ena."

"Nanga zikutheka bwanji? Mankhwala omwewa ine ndawaona akudzutsa anthu."

"Abayidwa kangati bambowa?"

"Kambiri."

"Muyeso wathunthu? Masiku onse?"

A Blasius anayang'ananso kapepala kozingidwa kaja. A Elliam sanali munthu wovuta. Anavindikira kambale kaja, n'kulankhula akuyang'ana kumbali.

"Tizilomboti sitikhala tofanana mphamvu. Ukatimenya mokwanira timatha tonse. Ukatimenya pang'ono n'kusiya, timafa tofooka, totsala ndi touma mutu, ndipo ndi tomweto timaswana. Pobweranso umapeza bala lonse ndi la touma mutu." Kenako, poona nkhope ya mnzawo, anawonjezera: "Komatu sindinganene kuti ndi inu. Tina timalowa m'bala tili tokanika kale. Mbale siinena kuti tachokera kuti."

Mawu omalizawo a Elliam anawanena mwachifundo, ndipo mwina anali oona. Koma ndikukuuzani, ndi amene anawazunza alamu anga kuposa onse. Munthu akakuuza kuti walakwa, umalira, umalapa, umagona. Akakuuza kuti kaya, umayenda nazo mpaka kumanda. Ndipo panali chimodzi chomwe sankafunikira mbale kuti iwauze. Miyezi yonse ija fupa linali likudyeka, ndipo amene anachedwetsa ulendo wa ku Zomba anali iwo.

Mankhwala atsopano aja anawayamba tsiku lomwelo, ndipo kutentha thupi kunatsikadi. Koma dokotala ataunika anapeza kuti fupa lafa kuyambira pa bala mpaka kufupi ndi akakolo, ndipo mankhwala salowa m'fupa lakufa. Anati akalisiya, munthuyo apita. Adula m'munsi mwa bondo. Dokotalayo anali mzungu, ndiye womasulira mawuwo m'Chiyao anali a Blasius, ndi pakamwa pomwe paja panalonjeza.

Che Usumani anayang'ana kudenga. Asiya anadziphimba kumaso ndi nsalu. A Blasius akuti anatsegula pakamwa kuti anene za madzi, za kambale, zonse. Koma Che Usumani anatembenuka n'kuwayang'ana mowakhulupirira monga kale, ndipo alamu anga anatsekanso pakamwa.

"Achimwene, Allah ndiye mwini," anatero Che Usumani. "Inu munayesetsa, matope onse aja. Koma ndili ndi pempho. Ndamva kuti zodulidwa kuno amaziotcha kuseri. Ife sititero. Chiwalo cha Msilamu chimasambitsidwa, chimakulungidwa mu sanda yoyera, chimaikidwa m'manda. Asiya sangandisiye ndekha pano. Munditengere kwathu, mukapereke kwa ashehe. Palibenso wina amene ndingamupatse mwendo wanga."

"Ndinyamula," anayankha a Blasius.

Ndidumphe pang'ono, ndingaiwale. Che Usumani anachira. Anabwera patapita miyezi akuyendera ndodo, ndipo anakhala zaka zambiri akuluka mphasa ndi madengu pakhonde pawo. Njinga sanaikwerenso, ndipo pakhomo pamene pankanunkhira nsomba panayamba kudyedwa masamba a chinangwa chaka chonse. Nkhani ya madzi anaimva kwa anthu, koma kwa a Blasius sanaitchulepo. Bawo anapitiriza kusewera, kungoti a Blasius anayamba kugonja dala, mpaka tsiku lina Che Usumani anagubuduza bawo lonse n'kunena kuti, "Anandidula mwendo, osati mutu. Sewerani!" Koma zimenezo ndi za pambuyo.

Mwendo uja anaudula m'mawa. Dokotala sanakanize pempho lija. Asiya anapereka nsalu, wantchito wa m'chipatala anakulunga, n'kuika m'bokosi la mankhwala lopanda kanthu, poti ndi lomwe linapezeka. A Blasius analimanga pa kaliyala ndi chingwe cha labala. Lole yopita ku Liwonde inawatenga, anawoloka Shire pa pantoni, ndipo kuchokera apo anapalasa. Dzuwa linali lija la pakati pa mvula ndi mvula, lotentha mpaka m'maso. Akuti chimene sankayembekezera ndi kulemera kwake. Pa dzenje lililonse la mumsewu ankaumva ukugunda m'bokosi, ndipo ankapezeka akuchepetsa liwiro kuopa kuupweteka.

Ine ndinawaona akutulukira pa msewu dzuwa litapendeka. Pakhonde pa kachipatala panali anthu amene ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaona ngati adresa abwera. Ataona njinga, ataonanso bokosi la mankhwala pa kaliyala, anadzuka onse. Amayi ena anaimba nthungululu.

"Abwera nawo! Jakisoni wabwera!"

Bambo wina anathamanga kukagwira bokosi kuti awathandize kutsitsa.

"Musakhudze!" anakuwa a Blasius.

Liwu limenelo ndinali ndisanalimvepo chikhalire nawo bwalo limodzi. Anthu anabwerera m'mbuyo, ndipo iwo anadutsa osaima, kulunjika kuseri kwa dambo. Ndinasiyira mnzanga zigumu n'kuwatsatira, a Martina ali pambuyo panga.

Pabwalo la Salima, mlongo wa Che Usumani uja, anthu anasonkhana mwachangu. Ashehe anafika, analandira bokosi ndi manja awiri, n'kupita nalo kuseri ndi azibambo ena kukasambitsa. Sanali maliro oti tilire mokweza, poti mwini wake anali moyo, komanso sitikanatha kucheza. Azimayi tinangokhala pa mphasa, osadziwa poika maso. Azibambo ananyamula kamtolo koyera kupita kumanda, ndipo ashehe anawaitana a Blasius, Mkatolika wa kolona m'khosi, kuti atsagane nawo. Kumeneko akuti anawapatsa kuti autsitse okha m'dzenje, poti ndiwo anayenda nawo ulendo wonse.

Atabwerako anasamba m'manja, anakhala pansi, ndipo ashehe anayamba kuthokoza. Analankhula m'Chiyao n'kubwereza m'Chichewa kuti ifenso timve. Anati adresa anausamala mwendowu uli wamoyo, ausamalanso utafa, ndipo m'bale weniweni wa Che Usumani ndi ameneyu ngakhale amapemphera kwina. Anthu ankavomera, "Sikomo, sikomo." Ine ndinkayang'ana alamu anga. Mwadzidzidzi anaimirira ashehe asanamalize, chinthu chosachitika.

"Musandithokoze," anatero. "Mwendo uwu ndaudula ndine. Ndinkathira madzi m'mankhwala. Ndinkabaya pang'onopang'ono mpaka tizilombo tinakanika. Ndationa ndi maso anga m'mbale ku Zomba. Ndiponso ndine ndinalonjeza zosatheka, ndine ndinachedwetsa ulendo. Ndine."

Ndinaganiza kuti tsopano wina atola mwala, ndipo ndikukhulupirira kuti iwo ankaufuna mwalawo. Koma anthu anangoyang'anana. Bambo wina anati adresa atopa, dzuwa lawalowa m'mutu, apatseni akumwa. Wina anati madziwo ndani sankawaona. Ashehe anawagwira paphewa kuti akhale pansi.

"Ndikuti ndine!" anabwereza.

Pamenepo Salima anadzuka pa mphasa. Anali mayi wosalankhulalankhula, ndipo kuyambira tsiku limenelo iye ndi ana ake analibenso wowadyetsa, choncho tonse tinati wotola mwala uja ndi ameneyu. Analowa m'nyumba n'kutuluka atagwira dzanja mwana wake wamkazi, kamtsikana koonda kogweluka mano akutsogolo, n'kukaimika patsogolo pa a Blasius.

"Adresa, mukumukumbuka uyu? Chibayo, nthawi yokolola thonje. Ndinafika naye akupuma ngati nkhunda. Kabotolo kanatsala kamodzi, ndipo kanali ka achimwene, anali atakhala kale pa benchi kudikira. Munayang'ana iwo, munayang'ana mwana, munathira madzi. Theka achimwene, theka uyu. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi." Anapuma pang'ono. "Ndiuzeni tsono, poti mwakaona ku Zomba. Mukanatani?"

Sankawanyoza, sankawatonthozanso. Ankafunadi kudziwa. Bwalo lonse linadikira. Kamtsikanako kanawayang'ana adresa, kenako, poganiza kuti akufuna kukabayanso, kanabisala kumbuyo kwa nsalu ya mayi ake n'kumasuzumira ndi diso limodzi. A Blasius anaima pamenepo, dothi la kumanda lili m'mawondo a buluku, akuyang'ana mwanayo.